Juni wa Achimwene

Mvula ya mu Ogasiti ikayamba kumenya mawindo a nyumba yanga kuno ku Perth, ku Australia, mtima wanga umayamba kuwira. Anzanga amadandaula za zovala zosauma ndi mabasi ochedwa. Ine ndimakumbukira achimwene anga, ndipo ngakhale ndimaimba kwaya Lamulungu lililonse, mawu amene amandibwerera pakamwa nthawi imeneyo simungawapeze m'buku la nyimbo.

Nkhani yake ndi ya bambo athu. Bambo anaphunzitsa sukulu ya pulayimale ku Dedza mpaka kupuma, ndipo phunziro limene ankalikonda linali la maiko ndi nyengo zake. Chaka ndi chaka ankaima kutsogolo kwa ana ovala majuzi obooka n'kumawauza kuti kuli maiko ena kumene madzi amagwa kuchokera kumwamba ali oyera ngati ufa, osachita phokoso, osanyowetsa msanga. Ankadontheza timadontho ta choko pabolodi kuti ana aone mmene sinowo amagwera. Ndiye m'kalasi simulephera kukhala mwana wa pakamwa. Wina ankakweza dzanja n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, inuyo munamuonapo?” Bambo ankangoti, “Tsegulani tsamba lotsatira.” Nkhaniyi ankatiuza akuseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene chinthu chikumudya. Ankati moyo wawo wonse anagulitsa katundu amene sanamugwirepo.

Amayi atamwalira, ine ndi achimwene tinagwirizana zowaitanitsa bambo kuti adzapumeko kuno miyezi ingapo. Kuno tilipo awiri. Achimwene ndi oyamba kubadwa, amakhala ku Mirrabooka, amagwira ntchito yosamalira okalamba, komanso ndi mkulu wa mpingo. Ine ndine namwino pachipatala china ku Nedlands. Bambo anafika kukadali kotentha, diso lamanzere litafa kale ndi nthenda ija imene imadya maso mwakachetechete, lamanja likuona ngati kudzera pagalasi lochita nthunzi. Ndinapita nawo kwa dokotala wa maso. Dokotalayo analankhula mwaulemu n'kutipatsa mankhwala odontheza, koma ine ntchito yanga ndi yomweyo, ndimamva ngakhale zimene dokotala wasiya kunena. Chilichonse chimene bambo ankafuna kuona pa dziko lino, anayenera kuchiona chaka chimenecho.

Ankakhala kwa ine, poti ndine ndinkadziwa za mankhwala, za chakudya, ndi za miyendo yawo yotupatupa. Achimwene ankabwera kudzawatenga Lamulungu m'mawa, atawagulira tayi, n'kukawakhazika mpando wa kutsogolo m'tchalitchi. Sindikunena kuti sankawakonda. Ankawakonda ndithu, kungoti chikondi cha achimwene chimakula pakakhala oonerera. Ndi khalidwe lawo la kalekale. Tili ana, ine ndinkatunga madzi ulendo ndi ulendo, iwo n'kudzandilanda ndowa yomaliza pakhomo kuti amayi aone amene wanyamula.

Tsiku lina ndinawafunsa bambo chimene ankafuna kuona asanabwerere kumudzi. Ndinali nditapita nawo kale ku Fremantle pa sitima kukaona zombo, ndipo anayamika mwaulemu ngati mlendo wopatsidwa tiyi wozizira. Za makangaru, nyama zodumpha za kuno, anati mbuzi ndi mbuzi, ngakhale iyende ndi miyendo iwiri. Kenako anati, “Mayi, ine ndikufuna ndimuone sinowo akugwa. Osati ali pansi ayi. Akugwa.” Bambo amanditchula kuti mayi chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo.

Ku Perth sinowo kulibe. Kuno nyengo yozizira ndi mvula, mphepo ndi chimfine basi. Amene akumufuna amakwera ndege kupita kum'mawa, mbali ina ya dzikoli, kenako galimoto kukwera mapiri kumene anthu amakamanga timatabwa kumapazi n'kumatsetsereka. Ulendo wotero thupi la bambo likanaupirira kamodzi kokha. Inenso tchuthi cha nthawi yozizira ndikanachipeza kamodzi kokha, chifukwa miyezi imeneyo mawodi amadzaza ndi odwala chifuwa ndipo wopempha tchuthi amamuyang'ana ngati wakuba. Tikiti yawo yobwerera kumudzi inali ya mu Seputembala. Choncho mpata unali umodzi, ndipo tinayenera kuusankha bwino.

M'wodi mwathu munali namwino mnzanga wachizungu amene anakulira m'tsinde mwa mapiri omwewo. Ndinamufunsa tikumwa tiyi, ndipo anandifotokozera ngati mlimi akunena za munda wa kwawo. Anati kuzizira pakokha sikugwetsa sinowo. Pamafunika kuti mitambo ya madzi ndi mphepo yozizira zikumane pamwamba pa phiri, ndipo ziwirizi zimabwera ndi namondwe wochokera kunyanja yaikulu ya kummwera. Namondwe yemweyo nthawi zambiri amayamba watinyowetsa ife kuno, kenako amayenda masiku angapo kupita kum'mawa n'kukasiya sinowo kumapiri. Wina akadutsa amasiyako pang'ono, wina n'kudzaonjezera pamwamba. Ine ndinamva ngati akunena nkhokwe, imene imadzaza dengu ndi dengu. Kumayambiriro kwa Juni nkhokweyo imakhala musanalowe kanthu. Imadzaza cha mu Ogasiti, nthaka itazizira mokwanira kuti chogwa chisasungunuke, ndipo ndi nthawi imene munthu wokhalako sabata angayembekeze kukumana ndi tsiku loti akugwa.

Anandichenjezanso kuti zaka sizifanana. Zaka zina namondweyo amadutsa kutali, kunsi kwa dziko, osakhudza mtunda. Zaka zina kumabwera mvula yofunda yochokera kumpoto n'kukokolola ndi kochepa komwe kanagwa. “Ukaona Perth ndi wouma,” anatero, “usathamangire kuphiri.”

Chaka chimenecho Perth anali wouma gwaa. Meyi anafika anthu akuvalabe malaya a manja aafupi, udzu wa m'mbali mwa msewu uli wofiira. Ndinayamba kuonera za nyengo pa TV madzulo aliwonse, ndipo bambo ankakoka mpando kudzakhala pafupi nane. Apa ndiye mphunzitsi uja anadzuka. Mizere yokhotakhota ya pamapu, imene ine ndinkangoiona ngati zolembalemba za mwana, iwo ankaidziwa. Ine ndinkawauza kumene mzere wapindikira, iwo n'kumandiuza tanthauzo lake. “Chimphepo chouma chakhala pakati apa ngati ng'ombe yogona pamsewu,” ankatero. “Mvula singadutse mpaka ng'ombeyo itadzuka.” Anali madzulo okoma amenewo, ndipo bambo ankaoneka ngati abwerera m'kalasi. Awirife tinagwirizana kuti tipite mu Ogasiti. Ndinapempha tchuthi, ndinasinthana mashifiti ndi anzanga mpaka kugwira mawikendi otsatizana, ndipo anandipatsa. Ndinawauza achimwene pafoni. Anati, “Chabwino mlongo, tiona.” Mawu akuti tiona akatuluka pakamwa pa achimwene, munthu uzimanga lamba.

Lamulungu lina la mu Meyi momwemo, nthawi ya zolengeza, achimwene anaimirira kutsogolo. Analengeza za msonkhano wa amayi ndi za odwala, kenako anakonza tayi n'kunena kuti ali ndi umboni. Anawaimiritsa bambo. Anauza mpingo wonse za mphunzitsi amene anaphunzitsa za sinowo osamuona, ndi za chikhumbo chimene bambo anauza ine m'khitchini mwanga. Anamaliza ndi kunena kuti iwo monga mwana woyamba agula kale matikiti a ndege, abukitsa ndi malo ogona, ndipo banja lonse linyamuka kumayambiriro kwa Juni, wikendi imene phiri la sinowo likutsegulidwa kwa alendo. Azimayi anaimba nthungululu. Abusa anaupempherera ulendowo. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Koma inu muli ndi mlongo.” 

Titaweruka tinapita kukadya kwa achimwene, pamodzi ndi akuluakulu ena a mpingo. Ndinadikira mpaka mbale zitachotsedwa. Ndinalowa pabalaza, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo monga tinaleredwera, ndinatsitsa mawu.

“Achimwene, pepani, tsiku lija bwanji tilisunthe? Kumayambiriro kwa Juni kuphiri kumakhala kulibe kanthu, makamaka chaka chino.”

Iwo sanatsitse mawu. Anaseka kuti alendo amve.

“Mlongo, kodi munakulira kuti inu? Si pa Dedza pomwepa? Chisanu chimafika pachimake mwezi wanji? Juni! Milomo inkang'aluka mwezi wanji? Juni! Ogasiti ndi mwezi wa fumbi ndi kusosa, kwayamba kale kufunda. Mukufuna tikafike sinowo atasungunuka?”

Akuluakulu aja anagwedeza mitu. Onsewo anakulira kumene Juni ndi dzina lina la kuzizira, kumene mayi akamakalipira mwana wosavala juzi amangoti, ukumuona Juniyu? Ndinayesa kufotokoza za namondwe, za nkhokwe, za chimphepo chouma chija.

“Eni ake dziko atsegula phiri mu Juni,” anatero achimwene. “Munaonapo munthu akutsegula golosale mulibe katundu?”

“Amatsegula, achimwene. Ali ndi makina opopera sinowo wopanga. Bambo akufuna womuona akugwa.”

“Eee, koma manesi inu! Chilichonse mumafuna mukhale adokotala.”

Anthu anaseka. Ndinatembenukira kwa bambo, amene anakhala pakona ndi kapu ya tiyi. “Bambo, nenani inu. Mizere ija mumaidziwa ndinu.” Bambo anayang'ana m'kapumo nthawi yaitali ngati mwagwera ntchentche. Kenako anati, “Mkulu wako wanena kale pamaso pa mpingo.”

Alamu anga, akazi a achimwene, anandikoka dzanja kupita nane kukhitchini. “Alamu, chonde musawavule pagulu. Alengeza kale, apemphereredwa kale. Mukufuna sabata yamawa akaimirirenso n'kunena kuti ndinalakwitsa?” Ndinawayankha kuti inde, ndi zomwezo ndikufuna, ndipo sanafepo munthu chifukwa chonena kuti ndinalakwitsa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Pabalaza ndinamva mkulu wina akunena kuti mawu a akulu akoma akagonera. Mwambi umenewo ndimaulemekeza, koma tsiku limenelo ndinauda, chifukwa mitambo ya kunyanja ya kummwera sidziwa kuti woyamba kubadwa ndani.

Mkati mwa sabata ndinayesanso pafoni, patokha, popanda woonerera. Ndinati zosintha matikiti ndithana nazo ndekha, iwo angokauza mpingo kuti a ndege ndiwo asuntha tsiku. Ndinawapatsa khomo lotulukira mutu uli m'mwamba. Anandiyankha ndi mawu a paguwa kuti, “Mlongo, mukufuna mkulu wa mpingo aname?” Mawu amenewo ndinawasunga.

Ndinaganizapo zokana kupita, koma ndani akanawadontheza bambo mankhwala pa nthawi yake? Achimwene sankadziwa n'komwe kuti botolo la m'mawa ndi liti. Ndinabwerera kwa mkulu wa wodi kukapempha kuti tchuthi chija achisunthire ku Juni. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati ndaganiza bwino. Ndinati ndi nkhani ya m'banja. Sabata yanga ya mu Ogasiti, imene ndinaivutikira mawikendi onse aja, inapeza mwini wake ndisanatuluke n'komwe mu ofesimo. Mnzanga wa kumapiri uja atamva anangoti pepa, n'kundiuza kuti nditengeko nsapato zosalowa matope.

Masiku otsatirawo kumwamba kwa Perth kunali kowala ngati Okutobala wa kwathu. Achimwene ankatumiza pagulu la banja la pafoni zithunzi za sinowo wofika m'chiuno, za zaka zina, mwinanso za maiko ena. Anawagulira bambo chijasi cha pakaunjika chachikulu ngati bulangete, magolovesi, ndi chipewa chotseka makutu. Bambo ankazivala n'kumayendayenda nazo m'nyumba. Koma za nyengo anasiya kuonera. Nthawi yake ikakwana ankati akukagonako pang'ono, ine n'kutsala ndekha ndi ng'ombe ija, ili gone pamalo omwe aja.

Tinakwera ndege mpaka ku Melbourne, miyendo ya bambo n'kutupa mpaka nsapato kukana. Kenako tinatenga galimoto yobwereka, achimwene ali pachiwongolero. Msewu unayamba kukhotakhota kukwera phiri. “Tikangokhota apa muona, bambo,” ankatero. Tinakhota, tinaona mitengo. Tinakhotanso, tinaona miyala ndi udzu. Alamu anayamba kanyimbo ka kwaya chapansipansi, kenako anakasiya. Ine ndinkapemphera kuti wolakwa ndikhale ine. Ndikunena zoona, tsiku limenelo ndikanakondwa kuchita manyazi, ndikanagwada pamsewu pomwepo kuwapepesa achimwene.

Pamwamba tinapeza phiri la udzu wofiirira, longa la kwathu anthu atamaliza kukolola. Mipando yokwerera phiri, imene imanyamula anthu pachingwe, inali lende, yopanda munthu, mphepo ikuigwedeza. Pakati pa udzuwo panali kamzere koyera, ngati nsalu imene yagwa pachingwe choyanikira, m'mbali mwake muli matope, pafupi pake pataima makina onga migolo yoloza kumwamba. Ana anali pamzere kudikira kutsetsereka pa timabeseni ta pulasitiki. Kunkawaza kamvula kopyapyala. Bambo anatulutsa dzanja pawindo n'kunena kuti, “Chiperoni ichi.”

Achimwene anatsika, anayang'ana uku ndi uku nkhope itagwa. Kwa kanthawi ndinawamvera chisoni. Ndinkadikira kuti anene mawu awiri okha, akuti pepani bambo. M'malo mwake anapereka foni kwa alamu kuti ajambule kanema, anawagwira bambo dzanja, n'kupita nawo pa kamzere kaja akufuula.

“Bambo, sinowo uja ndi ameneyu! Wagwa dzulodzuloli. Tangochedwa pang'ono!”

Ndipo anandiponyera diso loti khala chete. Ameneyo ndi mkulu wa mpingo uja amene sakanatha kunamizira a ndege.

Bambo anagwada movutikira, ine nditawagwira m'khwapa. Anavula golovesi n'kutapa pang'ono. Sanali ufa ayi, tinali timiyala tolimba, ngati zimene timapala m'firiji. Anazibweretsa pafupi ndi diso lamanja, anafinya, madzi n'kutsikira m'mkono. Kenako anakweza nkhope kumwamba, anakhala choncho nthawi yaitali, chiperoni chikuwanyowetsa magalasi. Achimwene anawauza kuti ayang'ane kufoni anenepo mawu. Bambo anati, “Zikomo, mwana wanga. Ndamugwira.”

Nditawasiya bambo m'nyumba yomwera tiyi ndi alamu, ndinawatsatira achimwene kumalo oimika magalimoto. Ulendo uno sindinagwade.

“Mwawanamiza bambo.”

“Ndawasangalatsa. Iwe ukufuna ukawauze kuti alire?” Ulemu wa inu unathera pomwepo.

“Ndinakuuzani pabalaza panu, ndinakuuzaninso pafoni.”

“Nyengo yasokonekera masiku ano, aliyense akudziwa. Ndine Mulungu ine kuti ndigwetse sinowo?”

“Simuli Mulungu, n'chifukwa chake mukanafunsa! Mwatenga Juni wa ku Dedza kumuika m'sutikesi kubwera naye kuno. Diso latsala limodzi, achimwene, limodzi! Mwalitayira pa udzu kuti amayi a kumpingo akuimbireni nthungululu.”

Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe. Azungu ankatidutsa akuyang'ana kumbali, ana awo atawagwira dzanja. Achimwene sanayankhe chilichonse cha zimene ndinanena. Anangoti ndilibe mwambo, Australia wandiononga, ndipo amayi akanakhala moyo akanalira kumva mwana wamkazi akulankhula choncho. Kwathu mkazi akanena zoona mokweza, mlandu umachoka pa zoonazo n'kupita pa kukwezako.

Tinakhala kumeneko masiku onse amene anabukitsa. M'mawa uliwonse bambo ankadzuka n'kukaima pawindo atavala chijasi chija, n'kundifunsa kuti kumwamba kukuoneka bwanji. Ndinkawauza kuti kuli mitambo, osawauza kuti ndi mitambo ya kumpoto. Kangapo ndinafuna kuwauza za makina aja, koma ndikaona mmene akusisitira dzanja limene anatapira, mawu ankandithera. Ndinkaganiza kuti akhulupirira, ndipo sindinafune kuwalanda ngakhale bodzalo. Tsiku lina kunagwa mvula yeniyeni, yofunda, n'kudya theka la kamzere kaja. Makina omwewo anangoti duu, poti nawonso amafuna kuzizira kouma kuti agwire ntchito.

Tinabwerera ku Perth. Lamulungu lotsatira kanema uja anaonetsedwa pakhoma la tchalitchi, atajambulidwa mochenjera kuti udzu usaoneke, ndipo abusa analalikira za kulemekeza atate ako ndi amako. Ine ndinatuluka kukakhala m'galimoto mpaka mapemphero atatha.

Ogasiti atafika, ng'ombe ija inadzuka pamsewu. Mvula inagwa ku Perth mosalekeza, mphepo ikugwetsa mipanda, namondwe wina asanathe wina wafika. Ine ndinali pantchito, sabata yomwe ija ndikanakhala pa tchuthi. Ndinakapemphanso masiku ochepa okha, anandionetsa wodi yodzaza mpaka m'khonde. Ngakhale akanandipatsa, dokotala anali ataletsa kale kuti bambo asakwerenso ndege usanafike ulendo wautali wa kumudzi, chifukwa miyendo ija sinaphwe bwino chibwerereni. Wina kuntchito anandiuza kuti paphiri lina la kummwera kwa Perth pawazako sinowo pang'ono. Nditafufuza ndinamva kuti pamafunika kukwera ndi miyendo mpaka pansonga, ndipo amasungunuka dzuwa lisanakwere. Bambo masitepe a pakhomo panga okha ankapumira panjira.

Madzulo ena ndinafika kunyumba nditanyowa, n'kuwapeza ataima pawindo akumvetsera mvula. “Iyi ikupita kum'mawa,” anatero. “Uipatse masiku pang'ono.”

Patapita masiku angapo tinali pabalaza tikuonera nkhani. Anaonetsa phiri lomwe lija. Ndinazindikira malo oimika magalimoto pamene ndinawakalipira achimwene, koma magalimoto ake anali atakwiririka mpaka m'mawindo. Ndipo sinowo anali akugwa, wambiri, pang'onopang'ono, mtolankhani akuseka tsitsi litayera. Ndinafuna kusintha tchanelo koma ndinachedwa. Bambo anadzuka, anayenda mpaka pa TV, anawerama mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, dzanja litaphimba diso lakufa lija. Nkhaniyo inali yaifupi. Itatha kunabwera za mpira, koma iwo anakhalabe chiweramire.

Atabwerera pampando anati, “Wa kuphiri uja anali wa makina.”

“Munadziwa?”

“Ndinadziwa tisananyamuke. Mizere ija si tinkawerenga limodzi?”

“Nanga bwanji simunanene, bambo? Ndinakufunsani pamaso pa anthu. Liwu lanu limodzi likanakwana.”

“Mayi, munthu walengeza m'tchalitchi, azimayi aimba nthungululu. Bambo wake n'kumutsutsa pamaso pa akulu anzake, akanayenda bwanji? Ine ndikupita, iye akhala ndi anthu amenewa. Iwe ndiwe wolimba. Ndinadziwa kuti upirira.”

Chibadwire changa ndinali ndisanawakwezerepo mawu bambo. Tsiku limenelo ndinawakwezera. Ndinawauza kuti kulimba kwanditopetsa, kuti chiyambire tili ana wolimba ndi amene amalandidwa kuti wofooka asalire. Ndinawauza kuti anandisiya ndikusekedwa nditagwada, akudziwa kuti ndikunena zoona. Ndinawauza kuti sanapereke tchuthi changa chokha, anapereka ndi diso lawo lomwe, kugulira ulemu munthu amene sadzadziwa n'komwe kuti anamugulira. Ndinalira ndi ukali, misozi yotentha ija imene sichepetsa kanthu mumtima. Bambo sanandikalipire. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kunena kuti, “Koma akugwa bwino, eti? Ine ndangoona zoyera zikuyenda.”

Anabwerera kumudzi mu Seputembala. Diso lamanja linazima chaka chotsatira mvula isanayambe. Achimwene mpaka lero chithunzi cha pafoni yawo ndi chomwe chija, bambo atagwada pa kamzere ka makina, iwo ataima kumbuyo akumwetulira. Timapatsana moni kutchalitchi, akabwera kwathu ndimawaphikira. Koma sanapepesepo, ndipo ine sindinawakhululukire. Abusa akudziwa, alamu akudziwa, ndipo akandiuza kuti zinapita ndimawafunsa kuti zinapita kuti.

Ogasiti aliyense bambo amauza wowasamalira kuti andiimbire foni. Amayamba ndi kufunsa ngati kuno kwagwa mvula. Ndikati inde, amati ndiye kuti kuphiri zilipo, ndiwauze zimene aonetsa pa TV. Ndimawafotokozera kuti amatsika pang'onopang'ono, sachita phokoso, amakhala panthambi za mitengo osagwa, ndipo ana amatambasula manja kuti awagwere. Mnzanga wa kumapiri uja wandiitanapo kangapo kuti tipitire limodzi mu Ogasiti, koma ndimakana. Sindingathe kukaima pamalo paja ndi maso anga awiri. Chaka chatha nditamaliza kufotokoza, bambo anafunsa kuti, “Mayi, iweyo unamuonapo?”

Ndinawafunsa ngati amwa mankhwala awo a miyendo.